Kabokosi Konyowa ka Pikapu Yakale

Pikapu ija inafika pagalaja ikuchita kukokedwa ndi chingwe, matope mpaka m'zitseko. Munatsika mnyamata wamtali, n'kulunjika kukachipinda kakumapeto komwe ankagwirira ntchito mtsikana wokonza za magetsi a galimoto. Anthu ankangomutcha Wamawaya.

"Achemwali, akuti ndinu nokha mungandithandize. Ndinalowa nayo m'madzi a mvula, basi inangoti zii."

Wamawaya anagwada kumpando wakutsogolo, pansi popondera, n'kusolola kabokosi ka kompyuta yoyendetsa injini. Atakatsegula anapukusa mutu. M'kati monse munali dzimbiri lobiriwira.

"Kafa?" anafunsa mnyamatayo.

"Sikanafe. Koma chonyowa sachifulumizira. Mukakalumikiza kasanaume, kapseratu."

"Ndiye ndizibwera tsiku lililonse kudzazonda wodwala, adokotala."

Wamawaya anaseka, n'kudzidabwa. Chimwalirireni mayi ake ankadya yekha, kuyenda yekha, akafika kunyumba n'kumayankha wailesi ngati munthu.

Anakatsuka kabokosiko ndi mswachi wakale ndi sipiliti, kusintha tizipangizo tomwe tinadyeka, n'kukayanika patsogolo pa fani. Mnyamata uja ankabweradi. Ankakhala pa tayala lakutha, maso ali pa zala zake. Posakhalitsa "achemwali" anatha, panabwera "dokotala wanga".

Foni ya Wamawaya nayo inasiya kugona ndi mauthenga a mnyamatayo. "Wadya, wapamtima? Usamangodya utsi wa mawaya." Tsiku lina inati: "Ikangolira, woyamba kukwera ndiwe. Mpando wakutsogolowo ndi wako mpaka kale."

Ha, mtima ndi chitsiru! Kabokosi kanauma kalekale, koma Wamawaya anakabisa m'dilowa. Ankaopa. Kodi wodwala akachira, wozonda amabweranso?

"Kakadali ndi chinyezi," ankatero osamuyang'ana.

"Palibe changu, maluwa anga. Ine ndafika."

Mawu amenewo ndi omwe anamulimbitsa mtima. Anamata kabokosi bwinobwino kuti madzi asadzalowenso, n'kukamangirira m'mwamba ndithu, kutali ndi mapazi. Monga ankachitira pa ntchito yake iliyonse, anamatapo kasitika ka dzina la galaja. Atapotoza kiyi, injini inatsokomola kamodzi, kenako n'kulira myaa.

"Ndikaitsukitse kaye, mfumukazi singakwere m'matope," anatero mnyamatayo. "Mawa ndikutenga."

Mawa linafika, mnyamata uja osaoneka. Uthenga unkapita, osabwerera. Tayala lija palibe yemwe analisuntha, ndipo Wamawaya anayambiranso kudya yekha, foni ili pamwendo.

Masana ena anamva injini ikukhotera pageti. Anaidziwa asanaione. Anapukuta manja msangamsanga, n'kukonza tsitsi pagalasi losweka.

Pachiwongolero panali mayi woyembekezera, nkhope yake yaufulu.

"Pepani asisi, ndikufuna madala okonza makompyuta. Ndaona kasitika kanu pakabokosi."

"Madala ati?"

"Amuna anga amati ndi nkhalamba ina yochedwa manja, n'chifukwa chake ankaswera kuno. Ine ndimangofuna ndiwathokoze. Pikapu iyi anandisiyira ndi malemu bambo anga. Itafa ndinalira ngati ndawaikanso kachiwiri."

Wamawaya anayang'ana mpando wakutsogolo uja. Panali thumba la tizovala ta mwana, tatsopano. Anene? Awononge nkhope yosekererayi? Alakwa chiyani mayiyu?

"Madalawo atuluka," anatero. "Ndiwauza."

"Muwauze kuti ali ndi manja odala."

"Amva. Koma musamalowe nayo m'madzi, mayi. Zina zikanyowa kachiwiri sizikonzekanso."

Mayiyo anaseka, kubayibitsa, n'kubwerera chambuyo. Wamawaya anakunkhuniza tayala lija kukaliponya kuseri, kenako anakhala pansi m'kachipinda kake n'kulira mosatulutsa mawu.

Kumsewu injini inkamvekabe, yosalala, yosadukiza ngakhale pang'ono. Anali ataikonza bwino kwambiri.