Simenti ya Tchalitchi cha kwa Zingalume

Bonaventure anakulira m'banja lopemphera, kwa Zingalume. Atate ake, a Yoweli, anali katekisiti, ndipo amake, a Magret, ankatsogolera azimayi a mumpingo. Mnyamatayo sanagonepo ndi njala pakhomopo, ndipo mawu ake m'kwaya ankawadziwa aliyense.

Mu 1994 Akhristu anatopa ndi katchalitchi kawo kaudzu, kamene kankadontha mpaka paguwa. Anagwirizana zomanga tchalitchi cha njerwa. Amuna anaumba njerwa n'kuwotcha. Azimayi analima munda wa nsawa dzinja lonse, atakolola anagulitsa, n'kugula simenti ku boma ku Chadiza. Ntchito yotuta simentiyo pangolo anaipereka kwa Bonaventure, pokhala mwana wa akatekisiti.

"Simentiyi ndi thukuta la amayi ako ndi anzawo," anatero a Yoweli tsiku loyamba. "Usamaime panjira."

Koma panjirapo panali Fulansisi, mnzake wa kusukulu, amene ankagulitsa kachasu kwinaku akumanga kagolosale.

"Ng'ombe zatopa, achimwene, zipumeko," anatero Fulansisi, akumupatsa kapu. "Matumba onsewa a Mulungu yekha? Tsitsa limodzi. Mchenga suyankhula, ukangowonjezera pokanda, ndani adzadziwe?"

Bonaventure anakana, koma kapu analandira. Ulendo wachiwiri analandira ziwiri. Wachitatu anatsitsa thumba, ndipo anabwerera kwawo atavala nsapato zatsopano.

"Nsapatozi wazitenga kuti?" anafunsa a Magret.

"Wandipatsa mnzanga."

"Nanga fungo likutuluka m'kamwa mwakoli wakupatsanso ndi mnzako yemweyo? Mwana wanga, anthu akukukhulupirira chifukwa cha atate ako. Usatichititse manyazi."

Iye anangoti amakewo amva zabodza, natuluka.

Kuyambira pamenepo ulendo uliwonse thumba limodzi kapena awiri ankatsala kwa Fulansisi. Kuti zisaoneke, Bonaventure anadzipereka kuti azikanda yekha simenti ya amisiri. Ankathira mchenga wambiri, simenti pang'ono. Anthu ankamuyamikira kuti ndi mnyamata wakhama. Mmisiri wamkulu, a Zulu, tsiku lina anafikisa simenti yokandayo ndi zala nati, "Iwe, simentiyi bwanji ikuoneka yotuwa?" Bonaventure anayankha kuti mchenga wa kumtsinje ndi wotero. A Zulu anamuyang'ana, koma pokumbukira kuti ndi mwana wa a Yoweli, anangopitiriza kumanga.

Pofika mwezi wa Novembala makoma anali atakwera, kutangotsala denga. Loweruka lina masana azimayi anali kusesa zidutswa za njerwa m'kati mwa tchalitchicho. Kunabwera chimphepo cha mvula yoyamba. Khoma lalitali la kuguwa linagwedezeka kawiri, kenaka linagwa.

Ambiri anathawa. A Magret sanathe. Bonaventure anathamanga kuchokera kumene ankamasula ng'ombe, nayamba kufukula njerwa ndi manja. Njerwazo zinkangosiyana zokha, zopanda chozigwira. Anawapeza amake ali moyo, koma mwendo wakumanja utaphwanyika. Anawanyamula pangolo yomwe ija kupita nawo kuchipatala ku boma, kumene anawatumiza ku Chipata. Mwendowo anaudula.

Lamulungu lotsatira mpingo unasonkhana pansi pa mtengo. Amuna anakwiyira a Zulu. "Mmisiri wabodza! Wafuna kutiphera akazi athu!" Ena ankati amutengere kupolisi. A Zulu, munthu wa imvi amene ankamanga osalandira kanthu, anangoweramitsa mutu, misozi ikugwera pamaondo.

Bonaventure anakhala kumbuyo. Anadziwa kuti akangokhala chete, nkhani ithera pa nkhalambayo. Anaimirira.

"Asiyeni a Zulu. Ndine. Simenti ndinkagulitsa panjira, ndalama n'kumwera. Pokanda ndinkathira mchenga."

Mayi wina wamasiye, amene analima nawo nsawa zija ali ndi mwana kumbuyo, anati, "Bona, iwe? Tinkakuphikira chakudya ife, tikumati ukutigwirira ntchito." Mawu amenewo anamupweteka kuposa ndodo.

A Yoweli anaimirira pang'onopang'ono. Anapita kwa a Zulu, nagwada m'fumbi pamaso pa mpingo wonse. "Tikhululukireni, abambo. Wakuba wachokera m'nyumba mwanga." Tsiku lomwelo anatula udindo wa ukatekisiti, ngakhale anthu anawaletsa.

Fulansisi atafunsidwa anakana kuti sakumudziwa bwino mnyamatayo. Mpingo sunamupereke Bonaventure kupolisi. Unagwetsa makoma onse otsala, chifukwa panalibe amene akanalimba mtima kupempheramo, ndipo azimayi anabwereranso kumunda zaka zina ziwiri. Bonaventure anagwira ntchito yonseyo, kugumula, kututa, kuumba, osayang'ana munthu kumaso.

A Magret atabwerako ku Chipata ndi ndodo ziwiri, iye anagwada pakhomo.

"Dzuka," anatero amake. "Ndakukhululukira, ndipo Mulungu amakhululuka. Koma mwendo sudzameranso, mwana wanga. Uzindiona ndikuyenda chonchi masiku onse."

Achinyamata, mverani akulu akamakuchenjezani, ndipo musakhudze chimene anthu akusungitsani. Tchimo lochitira mobisa silivulaza wolichita yekha. Bonaventure analapa ndipo anakhululukidwa, koma amake anakalamba akuyendera ndodo.