Mzere Wobiriwira pa Phazi la Kachiwala

Mlongo wanga ndi munthu wabwino, koma akanena wanena. Mutu wake uja mutaumenya ndi nyundo, ingasweke ndi nyundoyo.

Madzulo amenewo ndinali kwawo, nditapita kukacheza. Mwana wawo wamkazi, amene tinkamutcha Kachiwala chifukwa kuyenda kwake kunali kudumpha, anali ataponda msomali kuseri kwa nyumba dzulo lake. Kabala kake kanali kakang'ono zedi, ngati pobayidwa ndi singano. Koma pofika madzulo phazi linali litatupa, ndipo ukaligwira linkatentha.

"Bambo a Kachiwala, tiyeni naye ku chipatala chachikulu, kwa odwala mwadzidzidzi," anatero mlamu wanga.

"Kuja? Ine ayi. Mwaiwala kale?"

Sanaiwale. Nthawi ina anathamangira kumeneko mwanayu atangodzicheka chala. Anachezera pa benchi mpaka kunja kunacha, kenako namwino wina anawalalatira pagulu kuti kuno n'kwa anthu amene moyo wawo uli pachiswe, osati kwa timabala ta masewera. Manyazi amenewo mlongo wanga anawasunga mumtima.

"Adokotala athu atsegula mawa," anatero. "Kabala aka ndi ka iwowo."

Adokotala athuwo anali bambo wachikulire amene anali ndi kachipatala kumapeto kwa msewu. Ana onse a m'banja mwathu anadutsa m'manja mwawo. Anali ndi kachitidwe kawokawo. Mwana akabwera ndi bala lofiira, ankatulutsa cholembera chobiriwira m'thumba la malaya, n'kuchidina kuti thi, n'kujambula mzere kuzungulira pofiirapo. Akatero ankayang'ana kholo m'maso n'kunena kuti, "Kufiiraku kukadumpha mzerewu musandidikire. Kaya ndi usiku, thamangirani ku chipatala chachikulu."

Tsiku limenelo kachipatalako kanali kotseka kuyambira m'mawa. Palibe amene ankadziwa chifukwa chake.

"Achimwene, mwanayu thupi latentha," ndinayesako kunena.

"Inu alongo, munabwera kudzacheza kapena kudzalamula?"

Mlamu anatsuka phazilo ndi madzi a mchere, analiveka sokosi, ndipo tonse tinakagona.

Pakati pa usiku ndinadzidzimuka. Wina ankagogoda pachitseko cha kutsogolo. Sikunali kugogoda kwa chibakera. Kunali kwapansipansi, kwa kanthu kakang'ono kolimba. Kunkaleka, n'kuyambanso.

"Ndani?" anafuula mlongo wanga ali kuchipinda kwake.

Kunali zii.

"Akuba amenewo. Wina asayerekeze kutsegula!"

Kugogoda kuja kunaleka. Ndinamvetsera kuti mwina ndimva mapazi akuchoka, koma sindinamve kanthu. Ngakhale galu wa aneba, amene amauwa ndi mthunzi wake womwe, sanauwe.

Kenako ndinamva fungo. Linali la sipiliti wotsukira mabala. Linalowera pansi pa chitseko changa n'kudzaza chipinda chonse. M'nyumba muja munalibe sipiliti.

Ndiye kuchipinda kwa mwana kunamveka kuti thi.

Kachiwala anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wofooka.

"Mukundigirigisha, adokotala."

Ndinadzuka, ndinayatsa magetsi a pakhonde la m'kati, n'kusuzumira. M'chipinda mwa mwanamo munalibe munthu wina. Zenera linali lotseka. Mwana anali chigonere, atafunda bulangeti mpaka m'khosi. Koma kampando kake, kamene madzulo ndinakasiya ndekha pakona, kanali kumiyendo kwa bedi, katayang'ana kuphazi lija.

Ndinabwerera kuchipinda kwanga chafutambuyo. Posakhalitsa mwana anayamba kuitana.

"Adadi! Adadi!"

"Gona, mwanawe. Tiona mawa."

Anaitananso kamodzi, mawu ali pansi. Kenako sanaitanenso.

Kutangoyamba kuyera, tinadzutsidwa ndi kukuwa kwa mlamu. Anali atavula sokosi ija. Paphazi panali mzere wobiriwira, wozungulira bwinobwino, wojambulidwa ndi dzanja lozolowera. Kufiira kunali kutaudumpha kalekale, kutakwera mpaka kubondo. Chala chachikulu chinali chitayamba kuda. Mwana sankayankha.

Apa mlongo wanga sanafunse munthu. Anamunyamula n'kuthamangira kugalimoto opanda nsapato.

Kwa odwala mwadzidzidzi sanatikhazike pa benchi. Dokotala wachitsikana anangoona mwendowo n'kuitana anzake. Kenako anatitembenukira.

"Amene anajambula mzerewu anachita bwino. Sanakuuzeni kuti kufiira kukadumpha mubwere msanga? Munkadikira chiyani?"



Titatuluka panja tinapeza mayi wachikulire atakhala yekha pa benchi, atafumbata malaya a mwamuna pamiyendo. Anali akazi awo a adokotala athu. Anatiuza kuti bambowo anagwa m'bafa dzulo m'mawa, anawabweretsa komweko, ndipo anatisiya pakati pa usiku.

"Mpaka pomaliza ankangopapasa pathumba," anatero mayiwo. "Cholembera chawo chija. Tachifunafuna, sitikuchipeza."

Mlongo wanga anakhala pansi, pasimenti pomwepo.

Kachiwala anachira, koma chala chija anachidula, ndipo mwendowo sunabwererenso mwakale. Dzinalo tinasiya kumuitana nalo popanda kupangana. Mumsewu mwawo anthu amanong'onezana kuti adokotala aja sanathe kupita asanaone wodwala wawo womaliza. Ena amati mwana anadzijambula yekha thupi litatentha. M'nyumba muja tinasakatula paliponse, cholembera chobiriwira sitinachione.

Ine zonsezo sizindivutitsa kwenikweni. Chimene chimandilasa mumtima mpaka lero ndi tsiku limene mwanayo anatuluka m'chipatala. Bambo ake anamunyamula kuchoka m'galimoto, ndipo iye anawakoleka manja m'khosi n'kulankhula bwinobwino, mopanda mkwiyo.

"Adadi, adokotala anati ndikudzutseni kuti tizipita. Ndinakuitanani."

Masiku ano mlongo wanga amagona chitseko cha kuchipinda chili chotsegula. Mwana akangotsokomola, amadzambatuka n'kuyankha, ngakhale asanaitanidwe.