Timitima Tasanduka Tsabola

Anakumana Lolemba m'mawa, m'kashopu kosindikiza mapepala komwe Tsabola ankagwira ntchito. Dzinali anamupatsa ndi anzake chifukwa sankachedwa kupsa mtima, ndipo tsikulo ankapsera mtima kompyuta. Abwana anali atamuuza kuti akongoletse tsamba la shopuyo la pa intaneti, koma mndandanda wa ntchito zawo unkangooneka wozizira: kusindikiza, kujambula, kumata zikuto, chilichonse ndi kadontho kakuda kutsogolo.

Mnyamata wina amene ankadikira mapepala ake anasuzumira.

"Timadontho tanuto tikukhala ngati timanyi ta khoswe," anatero.

Tsabola anamufunsa ngati wabwera kudzasindikiza kapena kudzalalata. Mnyamatayo anangoseka n'kukoka mpando. Anati anthu amamutchula Katswiri, ntchito yake ndi yokonza mawebusaiti. Anati tsamba lili ngati munthu: mawu ndi thupi, CSS ndi zovala. Analemba list-style: none, timadontho tonse n'kuzimirira. Anawonjezera mawu pang'ono, tinyenyezi n'kutulukira m'malo mwake. Kenako border-bottom, ndipo kamzere kotuwa kanalekanitsa ntchito iliyonse ndi inzake.

Potuluka ananyamula mapepala ake ndi nambala ya Tsabola.

Patatha milungu itatu uthenga unalowa: "Switi wanga, tsegula apa. Ndakumangira nyumba pa intaneti."

Linali tsamba lamutu wakuti "Zifukwa Khumi Zimene Ndimakukondera". Chifukwa chilichonse chinali ndi kamtima kofiira kutsogolo ndi kamzere ka pinki pansi. "Chifukwa mawu ako amandipoletsa mutu." "Chifukwa ukakwiya umakongola." Chachisanu ndi chiwiri chinati: "Chifukwa cha kadzenje ka patsaya lako ukamwetulira."

Kadzenje? Tsabola anaima pagalasi, kumwetulira cha kumanja, kumwetulira cha kumanzere, mpaka nsagwada kuwawa. Tsaya linali see. Koma anadziuza kuti mwina kamaonekera kwa munthu wokukonda yekha. Mtsikana amene ankazindikira kasitomala wabodza asanatsegule n'komwe pakamwa!

Anaonanso kuti chifukwa chomaliza, "Chifukwa ndiwe wekha", chinalibe mzere pansi. Anamufunsa ngati anaiwala.

"Ndinauchotsa dala ndi last-child, lamulo la chinthu chomaliza pa mndandanda," Katswiri anayankha. "Mzere umatseka nkhani. Ife nkhani yathu sitidzatseka."

Ndani sakanagwa?

Tsabola anayamba kuphunzira CSS payekha pa nthawi yopuma masana, buledi dzanja lina, foni dzanja lina. Katswiri anamupatsa pasiwedi ya mafayilo ake yoti aziyesera, akuti kwa mkazi wake wam'tsogolo alibe chobisa. Ankakonda kudzitama kuti iye salemba chinthu kawiri, fayilo imodzi ya CSS imaveka masamba ambirimbiri, ukasintha pamodzi zasintha ponse. Tsabola ankagwedeza mutu, akumuyang'ana milomo osati mawu.

Anawauza amayi ake. Anapangana kuti Katswiri abwere kunyumba Loweruka. Amayi anachapa makatani, anatsitsa makapu a alendo amene ankakhala pamwamba pa kabati, n'kuletsa aliyense kukhala pa sofa wabwinoyo.

Lachisanu m'mawa Tsabola anafuna kumudabwitsa wokondedwa wake. Anatsegula fayilo yotchedwa chikondi.css, anapeza pomwe panalembedwa li::before, malo oikapo chizindikiro cha kutsogolo, n'kuchotsa kamtima kuikapo kachithunzi ka tsabola. Tsamba lake linadzaza timatsabola khumi tofiira. Anaseka yekha, osamuuza kanthu.

Masana anapita kokalukitsa tsitsi. Mwini saluniyo, mtsikana wolongolola amene aliyense ankangomuti Wasaluni, anali atakwinya nkhope. Analuka theka la mutu akungodzuma, mpaka Tsabola anamufunsa chavuta.

"Amuna, asisi. Wanga anandipangira tsamba la chikondi, timitima tokhatokha. Lero ndatsegula, timitima tonse tasanduka tsabola. Akutanthauza chiyani? Kuti ndimawawa?"

Tsabola anayang'ana foni ya Wasaluni. Anapempha kuona. Mutu womwewo. Mizere ya pinki yomweyo. Mawu a Wasaluni nawonso ankapoletsa mutu, nayenso ankakongola akakwiya, nayenso anali yekha. Tsabola anatulutsa foni yake n'kuiika pambali pa inayo.

Wasaluni anayang'ana mafoni awiriwo. Chipeso chinagwa pansi.

"Katswiri?" Wasaluni anafunsa.

"Katswiri."

"Amakutchulani switi?"

"Mawa akubwera kwa amayi anga."

Wasaluni anakhala pa mpando wa makasitomala. Anati kwa azakhali ake anapita kale mwezi watha, anadya, anapemphera, anatamanda makatani. Misozi inayamba kulengeza m'maso mwa onse awiri. Koma Tsabola anamuyang'anitsitsa mnzakeyo kumaso.

"Tamwetulirani."

"Panopa?"

"Tangomwetulirani, asisi."

Wasaluni anakakamiza mano kutuluka. Tsaya see. Tsabola naye anamwetulira. See.

"Ndiye wa kadzenjeyo ndani?" anafunsa Wasaluni.

Apa m'pamene Tsabola anayaka. Kunyengedwa kunamupweteka, inde, koma ulesiwo! Munthu kulephera ngakhale kukulembera bodza lakolako? Kukupatsa zifukwa za mkazi wina ngati malaya obwereka, iwe n'kumazunza nsagwada pagalasi? Wasaluni anafuna kuti apite akamuthire Katswiri mankhwala owongolera tsitsi. Tsabola anakana. Anati pali ena amene sakudziwa, ndipo si chilungamo kuti awiri okha ndiwo atseguke maso.

Mutu theka wolukidwa, theka uli nyankhalala, anatsegula chikondi.css pafoni. Anachotsa katsabola kaja. M'malo mwake analemba mawu amodzi, akuluakulu, akuda. Atatsegulanso masamba awiriwo, onse ankawerengeka chimodzimodzi:

"BODZA: Chifukwa mawu ako amandipoletsa mutu."

"BODZA: Chifukwa ukakwiya umakongola."

Mpaka pansi: "BODZA: Chifukwa ndiwe wekha."

Kenako anasintha pasiwedi.

Wasaluni asanamalize kuluka mbali yotsalayo, mauthenga anayamba kugwa. Woyamba unati ndi vairasi. Wachiwiri unati masamba enawo ndi a makasitomala. Wachitatu unalonjeza ukwati mwezi wamawa. Wachinayi unali wopanda switi: "Chotsa zimenezi chonde. Anthu asanu akundiimbira nthawi imodzi."

"Asanu," Tsabola anawerenga mokweza. "Ife awiri sitinaimbe n'komwe."

Wasaluni anaseka mpaka kugwira khoma, kenako kusekako kunasanduka kulira, Tsabola n'kumupatsa thaulo la makasitomala.

Loweruka amayi anadzuka m'mamawa kupukuta makapu aja. Tsabola anaima pakhomo la pabalaza, tsitsi lolukidwa bwino, n'kuwauza kuti mlendo sabwera. Anawafotokozera zonse. Za fayilo sanamve, koma za asanu ndi awiri anamva. Anamuyang'ana mwana wawo kwa kanthawi, n'kumukhazika pa sofa woletsedwa uja, kumuthirira tiyi m'kapu ya alendo.

"Amayi, ndili ndi kadzenje patsaya?"

"Ndinakubereka ndine. Ulibe. Imwa tiyi."

Anamwa, misozi ikudonthera m'kapu. Foni inaliranso: "Switi, paja tinati nkhani yathu sitidzatseka."

Tsabola anaika kapu pansi. Anatsegula fayilo ija komaliza, anapita pa last-child pomwe Katswiri anachotsa mzere, n'kuubwezera. Osati wa pinki wopyapyala uja. Wakuda, wonenepa ngati chala, pansi pa "ndiwe wekha", pa masamba onse asanu ndi awiri.