Vivi Wakana Kudya

Enyonam anali ndi kansato kake. Anakatcha dzina loti Vivi. Koma Vivi sankadya.

Enyonam ankakhala ku Tsevie ndi azakhali ake. Ankawaitana kuti Tasi. Tasi ankaweta nsato kuseri kwa nyumba. Si nsato zomeza mbuzi zija, ayi. Kwathu kuno ku Tsevie kuli nsato zazifupi, zofatsa. Zikaopa, zimangodzipinda ngati nkhata.

Mvula itayamba, mazira a nsato anaswa. Tiana tinatuluka. Kamodzi kanali kakang'ono kuposa tinzake.

"Tasi, ndipatseni kameneka," anatero Enyonam.

"Udzakasamala iwe?"

"Ndidzakasamala kwambiri!"

Kwambiri kwakeko ndiye kunavuta.

Tiana tonse tinafundula khungu loyamba. Nthawi yodya inakwana. Tasi anabweretsa timbewa. Aka kanadya. Ako kanadya. Vivi sanadye.

Enyonam ankamukonda Vivi zedi. M'mawa ankamunyamula. Masana ankamunyamula. Popita kukatunga madzi, Vivi anali m'thumba la diresi. Anzake akabwera, Enyonam ankafuula.

"Bwerani mudzaone Vivi wanga!"

Uyu amugwire. Uyo amugwire. Vivi ankangodzipinda, mutu mkati.

"Iwe, tamusiya apume," anatero Tasi.

"Ayi, Tasi. Asungulumwa."

Enyonam anamufunira bokosi lalikulu. Analiika pakhonde, pamalo powala. Anaikamo maluwa. Anaikamo kambale ka gari wa chinangwa.

"Idya, Vivi. Ndathiramo shuga."

Tasi anaseka mpaka misozi.

"Mwana iwe! Unaiona kuti njoka yodya gari? Mawa uiphikiranso tiyi!"

Tasi anabweretsanso kambewa. Vivi sanadye. Anabweretsa kena. Vivi sanadyebe.

Tinzake tinanenepa. Vivi anaonda. Khungu lake linachita makwinya. Tsopano Tasi sankasekanso.

"Tasi, kodi Vivi afa?"

Tasi sankanamiza ana.

"Akapanda kudya, afa, mwana wanga."

Enyonam analira. Analira kwambiri.

Tsiku lina anaika Vivi pamkeka. Anapita kukamwa madzi. Pobwera, Vivi palibe!

Anayang'ana m'bokosi. Munalibe. Anayang'ana m'nsapato. Munalibe. Anayang'ana pansi pa mpando. Panalibe.

Pakona panali chikho chakale chozondoka. Chinali chobenthuka m'mphepete. Enyonam anagona chafufumimba. Anasuzumira pobenthukapo.

Vivi anali momwemo, mumdima. Sanadzipinde. Mutu unali poyera. Kalilime kanali kutuluka, kubwerera, kutuluka, kubwerera.

Enyonam anatambasula dzanja. Vivi anadzipinda msanga. Enyonam anabweza dzanja. Anadikira. Pang'onopang'ono mutu uja unatulukanso.

Enyonam anapita kwa Tasi mwakachetechete.

"Tasi, Vivi amandiopa."

"Saopa iwe wekha. Amaopa manja. Amaopa kuwala. Amaopa phokoso la anzako aja."

"Koma ine ndimamukonda!"

"Ndikudziwa. Nanga iye akufuna chiyani?"

Enyonam anaganiza. Anapukuta mphuno.

"Akufuna chikho chake."

Enyonam anachotsa bokosi lalikulu lija. Anatenga laling'ono, lachivundikiro cha timabowo. Anaikamo kambale ka madzi. Anaikamo chikho. Anaikamo Vivi. Kenako analiika m'chipinda, pamalo pofunda, popanda anthu.

Apa ndiye panali ntchito! Kusiya chinthu chimene umachikonda n'kovuta. Manja a Enyonam ankayabwa. Ankafuna kutsegula. Ankafuna kungosuzumira pang'ono.

"Tasi, kamodzi kokha?"

"Ayi."

"Ndi diso limodzi?"

"Ngakhale ndi theka la diso. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Enyonam anakhala pakhomo la chipinda. Manja ake anawakhalira.

Anzake anabwera. Patsogolo panali Sefako, wamawu ngati belu.

"Enyonam! Titulutsire Vivi!"

"Shii! Vivi salandira alendo."

"Aa, wasanduka bwana?"

"Eya. Bwana akupuma. Kasewereni uko."

Masiku anapita. Enyonam ankangosintha madzi, n'kutseka. Sankamugwira. Sankamuitana.

Madzulo ena Tasi anati, "Tiye tiyesenso." Anapatsa Enyonam kambewa. Enyonam anakaika pakhomo la chikho. Anatseka. Anatuluka monyang'ama.

Kutacha, Enyonam anadzuka msanga. Anakoka Tasi pansalu.

"Tiyeni, Tasi. Ndekha ndikuopa."

Anatsegula bokosi pang'onopang'ono. Kambewa kaja panalibe. Tasi anatukula chikho pang'ono. Vivi anali gone. Pakati pa mimba yake panali potupa.

Enyonam anatsegula pakamwa kuti afuule. Koma anadzigwira pakamwa ndi manja awiri. Tasi anabwezera chikho. Enyonam anatseka bokosi.

Anatuluka m'chipinda monyang'ama. Anadutsa pakhonde monyang'ama. Atafika panja, anathamanga. Anathamanga mpaka kumsewu, kutali ndi nyumba.

Kumeneko ndiye anafuula.

"Vivi wadya! Vivi wadya!"

Nkhuku zinabalalika. Amayi ogulitsa nsomba anatembenuka. Tasi anafika akupuma wefuwefu. Anamunyamula Enyonam m'mwamba. Awiriwo anavina pamsewu pomwepo.

"Tasi, Vivi sanamve eti?"

"Sanamve, mwana wanga. Fuulanso!"