Masamba Atsopano Pansi pa Mwendo wa Tebulo

Nyumba yathu inali ya mtendere, ndipo sindikunena izi modzitama, pakuti mtenderewo udatha. Tinalimo atatu: ine, mkazi wanga, ndi mwana wathu mmodzi yekhayo. Amayi ake ankamutcha Kamtambo, chifukwa ali wamng'ono ankagona chagada pakhonde n'kumafunsa dzina la mtambo uliwonse wodutsa. Ine ndinali mphunzitsi wa zanyengo pasukulu ya oyendetsa ndege, choncho mafunso akewo ankanditsekemera. M'mawa tisanabalalike tinkapemphera limodzi, ndipo pempho la mnyamatayo silinkasintha: kuti tsiku lina adzayendetse ndege.

Mulungu adamva. Chaka chimene ndidapuma pantchito, Kamtambo adalandira chiphaso chake choyendetsera ndege, n'kulembedwa ntchito pakampani ina yaing'ono yonyamula mankhwala ndi anamwino kupita nawo kuzipatala zakutali. Tsiku lomwelo ndidamupatsa buku langa lalikulu la zanyengo, lodzaza ndi zolemba zanga m'mphepete mwa masamba.

"Buku ili ndaphunzitsira anthu ambiri," ndidatero, "koma lakalamba ngati mwini wake. Usadzaliyese mapeto a nzeru."

"Bambo, inu mungalakwitse za mitambo?" adafunsa akuseka.

"Ndingalakwitse. Ndi chifukwa chake amakutumizirani masamba atsopano."

Kwa amene sadziwa ntchitoyi ndifotokoze. Woyendetsa ndege aliyense amakhala ndi chikwatu cha maphunziro a zanyengo, chomwe masamba ake amachotseka. Akatswiri akatulukira chinthu chimene sichinkadziwika, amatumiza masamba atsopano mu envulopu. Mwini chikwatu amazula akale, n'kuikamo atsopanowo, n'kuwawerenga mpaka atakhazikika m'mutu. Kawirikawiri akatswiriwo amatulukira zimenezi pofufuza ndege imene yagwa kwinakwake. Tsamba lililonse lotero lidachokera pamaliro a munthu.

Miyezi yoyamba mwanayo ankachita bwino. Envulopu ikafika ankabwera nayo kunyumba, popeza opuma pantchito satitumizira kanthu, dzina lathu amalifufuta tsiku lomwe tatsazika. Tinkakhala pakhonde, iye akuwerenga mokweza, ine ndikutsutsa apa ndi apo, amayi ake akudandaula kuti tiyi akuzizira.

Kenaka adapalana ubwenzi ndi Mphamba.

Mphamba anali woyendetsa ndege wamkulu pakampanipo, wamtali, wa mawu okoma, wodziwa kuseketsa anthu. Dzinalo adamupatsa chifukwa chotera mwaukatswiri pamabwalo ovuta. Zimene ankakambirana adandiuza ndi Kamtambo mwini, nthawi itatha kale. Tsiku lina Mphamba adamupeza m'chipinda chopumira oyendetsa ndege atayala masamba atsopano pabenchi.

"Mphwanga, kodi wabwerera kusukulu?"

"Ayi achimwene, ndikungoona zomwe atumizazi."

"Atumiza chiyani? Mtambo watsopano? Mitambo ndi yomweyo chilengedwere dziko. Anthu a m'maofesiwa akasowa chochita amasintha tsamba kuti aoneke ngati akugwira ntchito. Ndege imayendetsedwa ndi mkono uwu, osati pepala. Vala jekete, anzako akutidikira kuseri kwa bwalo."

Kuseri kwa bwalo la ndege kunali malo omwera mowa. Kamtambo adapinda masambawo n'kuwabwezera mu envulopu, akuti adzawerenga mawa. Mawa limenelo lidabereka mawa linzake.

Posakhalitsa adati kunyumba n'kutali ndi kuntchito, ndipo adakapeza chipinda cha lendi pafupi ndi bwalo. Kubwera kwake kudayamba kuchepa. Akabwera ankafika chimanjamanja, maso ali psuu.

"Envulopu ya mwezi uno ili kuti?" ndidamufunsa.

"Sanatumize, bambo."

"Mwezi wathawu?"

"Munalibe zachilendo."

Ndidaphunzitsa anyamata zaka zambiri, ndipo bodza la wophunzira ndimalimva fungo lisanatuluke m'kamwa.

Amayi ake ndiwo adakaona ndi maso. Adapita kukamuchapira makatani, n'kubwerako nkhope itagwa. Adakhala pampando osavula nsapato.

"Bambo ake, tebulo la m'chipinda mwa mwana wanu lili ndi mwendo umodzi waufupi."

"Ndiye mukufuna ndikamupezere kalipentala?"

"Wakonza kale yekha. Wapinda maenvulopu aja n'kutsamiritsa mwendowo. Ena sanawang'ambe n'komwe. Pamwamba pa tebulolo pali mabotolo."

Mawa lake ndidapita ndekha. Ndidamupeza atagona masana, nsalu ya pazenera ili yotseka, malaya a ntchito atawaponya pampando. Ndinkadziwa kuti sabata imeneyo kampani idaitana oyendetsa ndege ake onse ku maphunziro obwereza a zanyengo.

"Anzako ali m'kalasi. Iwe ukutani pano?"

"Ndawauza kuti mutu ukundipweteka."

"Ukukupwetekadi, ndikuona chimene chaupweteka. Dzuka, tukula tebulolo, titenge masambawo tiwerenge pompano. Ine ndili ndi nthawi."

"Bambo, musandichititse manyazi ngati kamwana. Buku lanu lija ndimalidziwa pamtima. Ndifunseni tsamba lililonse."

"Sindikufunsa za buku langa. Ndikufunsa zimene buku langa silidziwa."

"Achimwene a Mphamba auluka zaka zonsezi osawerenga zimenezo, ndipo sanakandepo ndege ngakhale utoto."

"A Mphambawo ndi amene adakubala?"

Apo adadzuka n'kundiyang'ana m'maso, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Inu mudaphunzitsa za mitambo muli pansi, choko chili m'manja. Ine mitamboyo ndimalowamo. Ndani akudziwa bwino?"

Mawu amenewo adandilasa mumtima, ndipo mpaka lero akadali momwemo. Ndidatenga chipewa changa. Pakhomo ndidatembenuka n'kunena kuti, "Mwanawe, wakutsina khutu ndi mnansi. Chiphaso chimene udachipempherera kuyambira uli wamng'ono chili pansi pa mwendo wa tebulo limenelo."

Adatseka chitseko ndisanatsike masitepe.

Tsiku la tsoka lidafika m'nyengo yotentha. Kamtambo adanyamula makatoni a mankhwala ndi namwino mmodzi, mayi wa ana awiri, kupita kuchipatala china cha kuchigwa. Bwalo la kumeneko ndi msewu wafumbi chabe, lopanda nsanja, lopanda munthu wouza woyendetsa ndege za mphepo. Maso ake ndi zimene adaphunzira ndiwo mlangizi wake yekhayo.

Atayandikira adaona mtambo umodzi uli pamwamba pa bwalolo. Sunali wakuda, sunali ndi ziphaliwali. Kunsi kwake kunkalendewera mizere ya mvula yonga ndevu, yomwe inkauma isanafike pansi. Pafupi ndi pomwe msewu woterapo umayambira, fumbi linkadzuka mozungulira ngati mkombero, likufalikira mbali zonse.

"Akulu, fumbi lija likutani?" adafunsa namwinoyo.

"Kamvuluvulu chabe, mayi. Musaope."

"Nanga mtambowo?"

"Mvula yosafika pansi ilibe mano. Bambo anga adaphunzitsa zimenezi moyo wawo wonse."

Adayamba kutsika. Ali pafupi kutera, mphepo yamphamvu idawomba ndegeyo kumaso. Liwiro lidakwera lokha, ndege idanyamuka kupitirira pamene inkayenera kukhala. Kamtambo adachita zimene dzanja lidazolowera, zimenenso buku lakale linkanena: adachepetsa mphamvu ya injini kuti abwerere m'njira yake. Nthawi yomweyo mphepo ya kumaso ija idazimirira. Ina idatsika kuchokera kumtambo n'kukanikiza ndegeyo ngati chikhatho cha chimphona, kenaka n'kuikankha kumbuyo. Mapiko adasowa chogwira. Adakankha mphamvu yonse, injini idalira, koma pansi panali patafika kale. Adagwera m'miyala, msewu woterapo akuuona patsogolo pake.

Onse awiri adatuluka amoyo. Namwino uja adaduka dzanja lamanja, dzanja lobayira jakisoni ndi kusambitsira ana ake. Mwana wanga adathyoka msana.

Ofufuza ngozi sadavutike. Mkulu wawo adandipeza m'khonde la chipatala. Anali mmodzi wa ophunzira anga akale, tsopano wa imvi, ndipo ankalephera kundiyang'ana.

"Aphunzitsi, mphepo imeneyi tikuidziwa tsopano. Imagwa kuchokera kumtambo, ikamenya nthaka imabalalika mbali zonse. Mvula youma m'mwamba ndi mkombero wa fumbi ndizo zizindikiro zake. Ukaziona sutera. Ukalowamo mwangozi, liwiro likakwera lokha, suchepetsa mphamvu, umaonjezera yonse n'kuthawa. Tidatumiza masamba ake kalekale. M'kalasi muja tidakambanso zomwezo."

"Mphamba analipo m'kalasimo?"

"Anakhala kutsogolo. Chikwatu chake chili m'malo mwake, palibe tsamba losowa."

Atafunsidwa za mnzakeyo, Mphamba akuti adangotambasula manja. "Ine ndinkangocheza. Mwanayo ndiye adazitenga ngati zoona." Kuchipatala sadapondeko. Akuulukabe mpaka lero, ndipo ndikamva kulira kwa ndege pamwamba pa nyumba yanga ndimalowa m'kati.

Chiphaso cha Kamtambo adachilanda. Kulandako kunali kungokwaniritsa lamulo, pakuti madokotala anali atanena kale kuti miyendo yake sidzapondanso chopondera chilichonse cha m'ndege.

Ine ndi amayi ake tidapita kukachotsa katundu m'chipinda chija. Titasolola maenvulopu, tebulo lidapendekeka, botolo limodzi n'kugubuduka kukasweka pansi. Mkazi wanga adayamba kutola magalasiwo ndi manja, akulira mosatulutsa mawu. Maenvulopuwo anali ataphwatalala, pakati pali dzenje la mwendo wa tebulo.

Sindidafune kumuonetsa Kamtambo maenvulopuwo. Adawapempha yekha, atabwerera kunyumba pa njinga ya olumala. Tidamukankhira pakhonde pomwe ankagona chagada ali mwana. Adang'amba yoyamba, yachiwiri, kufikira adapeza tsambalo. Panali chithunzi chojambula pamanja: mtambo wa ndevu, mivi yoloza pansi, mkombero wa fumbi, ndi kandege kakang'ono kakulowa m'menemo. Dzenje la mwendo wa tebulo lidadinda pakandegeko.

Adawerenga mokweza monga ankachitira kale, koma mawu adamuthera pakati.

"Bambo, ndi tsamba limodzi lokha."

"Ndi limodzi."

"Ndikadaliwerenga tiyi asanazizire."

Adapempha kuti timuitanire namwino uja kuti apepese. Mayiyo adabwera, dzanja la bulauzi atalipinda n'kulimanga ndi pini. Adamvetsera mpaka mwanayo atamaliza, kenaka adati, "Ndakukhululukirani, achimwene, chifukwa ndine wopemphera. Koma mwana wanga wamng'ono amandifunsa kuti dzanja lidzamera liti. Mundiuze chokamuyankha."

Kamtambo adalapa, ndipo ndikhulupirira kuti Mulungu adamulandira. Masiku ano amawerenga chilichonse chimene angachipeze chokhudza nyengo, ndipo amadziwa zambiri kuposa ine. Nzeru zimenezo alibe kopita nazo. Amakhala pakhonde, ndege ikamadutsa amaitsata ndi maso mpaka italowa m'mitambo, kenaka amapempha amayi ake kuti amulowetse m'nyumba.

Inu achinyamata amene muwerenge izi, kaya mudzayendetsa ndege, kaya mudzagwira ntchito ina imene miyoyo ya anthu idzakhala m'manja mwanu, imvani mawu a nkhalamba imene yatsala ndi chisoni chokha. Ulesi ndi tchimo, ndipo suyamba ndi chinthu chachikulu. Umayamba ndi kunena kuti ndidzawerenga mawa. Kunyada kumabwera pambuyo pake n'kukuuzani kuti zimene mudaphunzira kale n'zokwanira. Mnzanu amene akuseka khama lanu sadzakhala nanu m'ndege tsiku la tsoka, ndipo mwina iye akuwerenga mseri. Musadalire nzeru zakale chifukwa choti mudazilandira kwa munthu amene mumamukonda. Chidziwitso chatsopano chikafika, chitsegulireni tsiku lomwelo, pakuti wina adafa kuti inu muchilandire. Mukachikana, mudzachiphunzirabe, koma mudzachiphunzira monga adachitira mwana wanga: mutakhala pansi, osadzaimanso.