Chitenje pa Kompyuta

Kompyuta yatsopano inafika pasukulu ina ya sekondale kufupi ndi Senga Bay mu Febuluwale 1992, ndipo patangotha milungu itatu inayamba kulira ngati chigayo. Phokosolo linkachokera kumbuyo kwa bokosi lake, kumene kunali kafani. Aliyense wodutsa pakhonde ankacheuka.

Amene ankavutika nalo kwambiri anali Elsie, mtsikana wotayipa, yemwe anali m'mwezi wachitatu, womaliza, woyesedwa pantchito. Tsiku lomulemba ntchito, a Kamphinda, mphunzitsi wamkulu, anamufunsa ngati adzaithe kompyuta imene ankaiyembekezera. Iye anayankha kuti, "Ndimaidziwa kwambiri, bwana." Zoona zake n'zakuti anaphunzira pa tayipi wamba ku Salima, ndipo kompyuta anaigwirapo masiku awiri okha kuntchito kwa amalume ake. Kuyambira pamenepo Elsie sankafunsa kanthu kwa munthu. Wodziwa kwambiri angafunsenso chiyani?

Lachinayi m'mawa a Kamphinda anagogoda khoma la pulayiwudi lolekanitsa maofesi awo.

"Mayi Elsie, mukugaya chimanga kumeneko? Ndili ndi makolo kuno, sitikumvana!"

"Ndikonza pompano, bwana."

"Konzani. Ndipo mayeso a masamu a Fomu 2 akhale atatayipidwa pofika masana. Ana alemba 2 koloko."

Elsie analiyang'ana bokosi lija, nalo likungolira. Kwawo chinthu chilichonse chamtengo chinkafunditsidwa. Wailesi inali ndi kansalu kake koluka, makina osokera a amayi ake chimodzimodzi. Anatsegula chikwama chake, n'kusuntha khadi la chipani, n'kutulutsa chitenje. Anachipinda pawiri, n'kukulunga bokosi lonse, kumbuyo komwe, mmene amafunditsira mwana wa malungo. Phokoso linatsikadi. Elsie anamwetulira, akudziona kuti ndi katswiri.

Anatayipa kwa maola awiri osadzuka. Sanaganize zosunga ntchitoyo m'makinamo pang'onopang'ono, pakuti pa tayipi chimene walemba chimakhala papepala basi. Atafika pa funso la 18, zilembo zinaima. Kunamveka fungo ngati la simbi yoiwalika pa malaya, kenaka galasi lonse la kompyutayo linada bii.

Mantha anamugwira Elsie. Chitenje chija chinali chotentha. Anachivundukula msangamsanga n'kuchikankhira m'chikwama. Akanatha kunena kuti magetsi anaphethira, ndipo palibe akanamutsutsa, popeza ku Salima sizinali zachilendo.

A Kamphinda atamva kuti makina azima anaitanitsa a Omari, bambo wachikulire amene ankakonza zamagetsi pasukulupo. A Omari anaika dzanja pabokosi lija n'kulichotsa mofulumira.

"Wallahi, apa mukhoza kuwotchapo usipa! Chachitika n'chiyani, chemwali?"

Elsie anayang'ana pansi. A Kamphinda anali ataima pakhomo, ndipo anali atayamba kale kunena zolembera kalata amene anapereka makinawo, yowauza kuti anatumiza chinthu chowonongeka. Mawu amenewo anamulasa mumtima Elsie. Anatsegula chikwama n'kuika chitenje chija pathebulo.

"Ndinaifunditsa ine, kuti isiye kusokosa."

A Omari sanaseke, ngakhale ndevu zawo zinagwedezeka pang'ono. Anamasula zomangira zinayi n'kuchotsa chivundikiro. Pa timabowo ta kafani panali patamatirira zinthu zakuda thoo. Zinali nkhungu, tizilombo ta m'nyanja tija timauluka ngati utsi, timene tinadzaza sukulu yonse mlungu wapitawo, zitasakanikirana ndi fumbi.

"Taonani," anatero a Omari. "Apa ndi pamphuno pake. Kafanika kamatulutsa mpweya wotentha. Kamalira chifukwa katsekeka, ndiye inu mwabwera n'kukatsekanso pakamwa."

Anapempha nthenga ya nkhuku n'kupukuta mapiko a kafani limodzilimodzi. Anamangitsa kachitsulo kamene kanali katakhwefuka, n'kusuntha thebulo kuti litalikirane ndi khoma. Bokosi litazizira anayatsa. Kafani kanazungulira mwakachetechete moti a Kamphinda anachita kuyandikiza khutu. Koma mafunso onse a masamu anali atapita.

Nthawi yotayipanso ndi kusindikiza panalibe. Pofika 2 koloko Elsie anali pabolodi la Fomu 2A ndi pepala lolemba pamanja la mphunzitsi wa masamu, akukopera mafunso makumi awiri ndi choko. Atamaliza anakachitanso zomwezo ku 2B. Nkhani inali itawanda kale, ndipo kumbuyo ankamva ana akunong'onezana kuti, "A Chitenje afika." Manyazi anamugwira, koma analemba mpaka funso lomaliza.

Ana ataweruka analowa yekha muofesi ya a Kamphinda, choko chili mbuu pasiketi.

"Bwana, pali china. Ndinakunamizani tsiku lija. Kompyuta ndinaigwirapo masiku awiri okha."

A Kamphinda anavula magalasi n'kuwaika pathebulo.

"Bodza lanu latidyera tsiku lonse, ndipo makinawa akanapsa bwenzi tikunena zina. Ndikuwonjezerani mwezi wina woyesedwa. Loweruka lililonse muziwerenga buku lofotokoza za makinawa, ndipo pamene simukumva muzifunsa."

"Zikomo kwambiri, bwana."

Elsie atagwira chitseko kuti atuluke, a Kamphinda anakhosomola n'kutsitsa mawu.

"Komatu izi zithere muno. Mukanandifunsa ine m'mawa muja, ndikanakubwerekani bulangete."