Thaulo Lonyowa pa Ndowa ya Amanzere

Chimene chinamudabwitsa Telala m'mawa wa Lachitatu si thovu ayi. Thovulo ankaliyembekezera, poti ndowa inachezera kubwata usiku wonse. Chinamuimitsa mutu ndi thaulo lonyowa limene analipeza litakulungidwa pa ndowayo, iye asanalikhudze n'komwe.

Amuna ake, amene anthu ankawatchula Amanzere chifukwa chilichonse ankagwirira kumanzere, anali atamwalira miyezi isanu yapitayo. Ankafulula mowa wawo m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini, mu ndowa yapulasitiki yokhala ndi kachubu pachivundikiro. Anasiya nsapato, majekete ndi wailesi yosalankhula, koma chamoyo anasiya chimodzi chokha: kabotolo ka yisiti m'furiji. Zaka khumi ndi ziwiri ankatapa yisitiyo pansi pa ndowa iliyonse kuti afululire ina. Telala sankamwa mowa, ndipo ankakonda kuwaseka kuti kabotoloko ndi mkazi wawo wachiwiri. Koma atamva kwa mlamu wake, mng'ono wa malemuwo, kuti yisiti ikakhalitsa osadya imafa, mtima unamupweteka. Sanafune kuika maliro kawiri.

Tsono anafulula, koma mwa chiphunzira. Ndowa anaidzaza mpaka m'khosi, yisiti n'kukhuthuliramo yonse osasiyako ndi pang'ono pomwe, kunja kukutentha chotere. Pofika Lachiwiri madzulo thovu linali litatseka kachubu, chivundikiro chitatukumuka. Mlamu wake anamuuza pa foni kuti chikaphulika, ntchentche n'kuloweramo, mowa usasa ndipo yisiti ya achimwene ake ithera pomwepo. Telala ndi mantha anatenga nsimbi yake yolemera yositira, n'kutsindira pachivundikiro, osadziwa kuti akuwonjezera vuto.

M'mawa mwake nsimbi inali pansi, itaimikidwa bwinobwino pakona. Chivundikiro chinali chitamasulidwa pang'ono, kachubu katatsukidwa, nsonga yake itamizidwa m'botolo la madzi kuti thovu lizitsikiramo. Ndowa yonse, imene iye sakanatha kuinyamula yekha, inali itakhala m'beseni la madzi ozizira.

Mwana wake wamkazi, namwino amene sabata imeneyo ankagwira ntchito usiku, anakana kuti si iye. Mlamu anaseka, nati mwendo wake ndi wotupa, sungamufikitse ngakhale pageti. Nkhani siigona, ndipo pofika masana amayi obwera kudzayesa madiresi anali atayamba kunong'ona. Ena amati pali wina amene ali ndi kiyi. Mayi wa nyumba yoyandikana anati chisoni chimayendetsa munthu ali m'tulo, Telala akuchita yekha zonsezi. Mawu amenewa ndiwo anamulasa kwambiri, chifukwa anayamba kudzikayikira.

Lachinayi anakhoma kachipindako ndi loko watsopano, makiyi onse awiri n'kumupatsa namwino kuti apite nawo kuchipatala. Kenako anazimitsa magetsi, n'kukhala pampando wa makina ake osokera, womwe unayang'anizana ndi chitseko cha kachipindako.

Mdima wa m'nyumbamo unali wothina, ndipo furiji itasiya kulira munangotsala phokoso la botolo lija, mpweya ukutuluka m'madzi, bwu, bwu, bwu, mofulumira ngati munthu wothamanga. Fungo la chimera linkadutsa pansi pa chitseko. Anakhala choncho mpaka miyendo inachita dzanzi. Kenako, kuseri kwa chitseko chokhomacho, anamva beseni likukhwekhwerezeka pasimenti pang'onopang'ono. Madzi anakhuvuka. Wina anali kufinya nsalu, madontho akugwera m'beseni, kufinya kosafulumira kwa munthu amene wazolowera ntchito yake.

Anafuna kuthawa, koma pakamwa pake panatuluka mawu apansipansi.

"Bambo ake, ndinu?"

Kufinyako kunaleka. Kunangoti zii. Patapita kanthawi madontho aja anayambiranso, ndipo botolo linayamba kupuma modekha.

Namwino atabwera m'mawa anatsekula yekha lokoyo. Thaulo linali lozizira, longoviikidwa kumene. Telala anagwada n'kuyang'anitsitsa mfundo imene nsonga zake zinamangidwira. Munthu wosoka sasokonezeka pa mfundo. Inali yopita chakumanzere, yofanana ndi imene amuna ake ankamumangira epuloni kumsana, imene iye ankavutika kumasula n'kumawakalipira. Namwino anangotsamira khoma.

Zinachitikanso Lachisanu ndi Loweruka. Telala analeka kuopa. Ankakhala pampando paja n'kumawafotokozera amuna akewo monong'ona za tsikulo, za diresi limene analidula molakwika, za denga limene likudonthabe. Yankho panalibe, koma madzi ankamveka.

Lamulungu usiku botolo linangoti bwu kamodzi, n'kukhala chete nthawi yaitali. Telala anadikira mpaka kunja kunayera, koma beseni silinasunthe. Atatsekula anapeza thovu litaphwa, mowa utadikha, thaulo litauma gwa. Mlamu atamva anakondwera, nati mowa wapsa, yisiti yapulumuka, angotapa ya pansiyo abwezere m'kabotolo. Chimene ankafuna chinali chitatheka, koma tsiku limenelo Telala analira kuposa mmene analirira pa maliro.

Madzulo namwino, atavala kale yunifolomu, anapeza amayi ake m'kachipinda muja akukhuthulira paketi yonse ya shuga mu ndowa.

"Amayi, mowawu wapsa kale. Shugayo ndi wachiyani? Usefukiranso."

"Ndikudziwa, mwanangu," anayankha osacheuka. "Ukasefukira bambo ako amabwera."

Anatseka chivundikiro mwamphamvu, n'kutsindirapo nsimbi ija. Thaulo louma analikoleka pamsomali wa kumanzere kwa chitseko, pamene dzanja lawo lingafikire msanga, ndipo anapita kukatunga madzi a m'beseni.